Asilikali a m'magazi ndi timitsempha ta mu ubongo tikamakalamba: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Kasungu, munthu akamva za asilikali a m'thupi amaganiza za CD4 ndi ma ARV. Akamva za BP amaganiza za mutu ndi chizungulire. Akaona agogo ayamba kuiwala ndi kuyenda mokhwekhwereza mapazi amati ndi ukalamba basi, ena nkumanong'onezana zoipa kuposa apo. Zinthu zitatuzi zimakumana malo amodzi, m'timitsempha ting'onoting'ono todyetsa ubongo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ana ndi adzukulu osamalira okalamba amafunsa kawirikawiri.

Kodi matenda a timitsempha ta mu ubongo ndi otani?

Magazi amapita ku ubongo kudzera m'mitsempha inayi ikuluikulu ya m'khosi. Ikalowa m'chigaza imagawikana kambirimbiri mpaka kukhala timitsempha toonda kwambiri kuposa tsitsi, toti diso silingatione. Ubongo ndi magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umatenga pafupifupi magawo 20 pa 100 a mpweya wa okosijeni umene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo susungako wa mawa. Zonse umadya pompopompo, kuchokera m'timitsempha timeneti.

Mtsinje wa Bua ukhoza kukhala wodzaza ndithu, koma ngati kangalande kopita ku bedi la tomato katsekeka ndi matope, tomatoyo amafota madzi ali pafupi. Ndi mmene matendawa alili. Mitsempha ikuluikulu imatha kukhala bwino, koma makoma a ting'onoting'onoti amakhuthala ndi kuuma, njira ya magazi nkuchepa. Tina timayamba kudontha madzi, tina timatsekeka, tina timaphulika nkusiya kadontho ka magazi. Malo amene amavutika kwambiri ndi a mkatikati mwa ubongo, mmene mumadutsa minyewa yaitali yotumiza mauthenga pakati pa zigawo za ubongo, chifukwa kumeneko kamtsempha kamodzi kakatsekeka palibe kena kobwera kudzathandiza.

Dokotala wa ku Germany, Otto Binswanger, anafotokoza za kuwonongeka kotereku mu 1894, ndipo m'zaka za m'ma 1960 C. Miller Fisher, akugwira ntchito ku Boston, anatsata timitsempha timeneti kamodzikamodzi m'maubongo a anthu omwalira mpaka kupeza pamene tinatsekeka.

Ndi ofala bwanji?

Kwambiri. Pa sitiroko zobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, pafupifupi imodzi mwa zinayi zilizonse imachokera ku timitsempha timeneti. Ndiwonso gwero lalikulu la kuiwala kobwera chifukwa cha kayendedwe ka magazi. Anthu opitirira zaka 60 atajambulidwa mu ubongo ndi makina oona mkati mwa thupi a MRI ku Netherlands, ambiri mwa iwo anapezeka ndi timawanga toyera tosonyeza kuti vutoli layamba, ngakhale ena sankamva chilichonse.

Amayi anga sanafe ziwalo, koma asintha. Ndingadziwe bwanji ngati ndi zimenezi?

Matendawa amabwera mwakachetechete, ndipo amene amayamba kuona ndi wa pakhomo, osati dokotala.

Yang'anani kayendedwe. Amayenda timasitepe tifupitifupi, miyendo itatangadza pang'ono, mapazi osachoka bwino pansi, moti patapata amamveka kukhwekhwereza pabwalo. Mukawaitana kumbuyo satembenuka kamodzi, amazungulira ndi masitepe anayi kapena asanu. Pakhomo lolowera m'nyumba amaima kaye ngati mapazi amatirira. Amagwa pafupipafupi popanda chowapunthwitsa.

Yang'ananinso kagwiridwe ka ntchito. Mayi amene kale ankavundula nsima, ndiwo zili pamoto, uku akuwerengetsa masheya a banki mkhonde pamtima, tsopano ntchito ziwiri pakamodzi zimawasokoneza. Dzina lanu akulidziwa, nyimbo za kumpingo akuzikumbukira zonse, koma mukawafunsa funso yankho limachedwa, ndipo kukonza zoti mbewu igulidwe liti, feteleza athiridwe liti, kwawakanika. Apa ndi pamene amasiyana ndi matenda a Alzheimer, amene nthawi zambiri amayamba ndi kuiwala zimene zangochitika kumene. Komabe mwa okalamba ambiri matenda awiriwa amapezeka pamodzi.

Zina ndi mphwayi, kungokhala pakhonde osafuna kanthu, kukhumudwa, mkodzo wothina mwadzidzidzi nkutayika asanafike kuchimbudzi, ndipo ena amalira kapena kuseka popanda chifukwa chenicheni. Mkodzowu umachititsa manyazi, ndipo amayi ambiri amabisa. Afunseni mwaulemu muli awiri.

Nanga asilikali a m'magazi akubwera pati? Si otiteteza amenewa?

Ndi otiteteza ndithu, ndipo popanda iwo chilonda chaching'ono chikanatipha. Koma zida zimene amaphera tizilombo zimathanso kuvulaza thupi lenilenilo zikamagwiritsidwa ntchito mosalekeza pamalo osalimba.

Asilikaliwa ndi maselo oyera a m'magazi, ndipo ali m'magulu. Ochuluka kwambiri ndi ma neutrophil, amene amafika msanga pachilonda ndipo mafinya ambiri ndi iwowo atafa. Pali ma monocyte, amene amatuluka m'magazi nkulowa m'minofu kukameza zinyalala ndi tizilombo. Palinso ma lymphocyte, ndipo CD4 amene tonse timawadziwa ali m'gulu limeneli. Ubongo uli ndi alonda akeake otchedwa microglia, komanso ena okhala mozungulira timitsempha.

Mkati mwa kamtsempha kalikonse muli kakhungu kopyapyala kwambiri. Mu ubongo, maselo a kakhungu kameneka ndi omatana zolimba kuposa kwina kulikonse m'thupi, moti zambiri zoyenda m'magazi sizidutsa. Kakhunguka kakakhala bwino kamaterera, asilikali amangodutsa. Kakapwetekeka ndi BP, shuga, utsi wa fodya kapena zaka, kamatulutsa pamwamba pake timapuloteni tonanda, monga VCAM-1 ndi ICAM-1, ndipo asilikali odutsa amayamba kugubuduka pang'onopang'ono nkumamatira.

Apa pamachitika zinthu zingapo. Choyamba ndi kutsekeka chabe. Neutrophil ndi wamkulu kuposa kamtsempha kochepetsetsa, amadutsa mochita kudzipanikiza, ndiye akamatira, magazi onse a m'mbuyo mwake amaima. Chachiwiri, asilikali omatirawo amatulutsa mankhwala odula mapuloteni, ndipo mankhwalawa amamasula pamene maselo a kakhungu kaja amalumikizana. Mpata ukatseguka, madzi ndi mapuloteni a m'magazi monga fibrinogen amalowa mu ubongo, kumene safunika. Ma microglia amadzuka poona zachilendozo, nawonso nkutulutsa mankhwala awo, ndipo chokuta cha minyewa yotumiza mauthenga chimayamba kunyenyeka. Chachitatu, mankhwala otumizirana mauthenga pakati pa asilikali, monga IL-6, IL-1 ndi TNF, amachepetsa nitric oxide, mpweya umene umauza kamtsempha kuti katambasuke. Kamtsempha kosatambasuka sikangawonjezere magazi pamene gawo la ubongo likugwira ntchito yaikulu.

Zonsezi ndi kutupa, koma si kutupa kwa chithupsa kowawa ndi kotentha. Ndi kochepa, kosamveka, kopitirira zaka 20 kapena 30.

Chifukwa chiyani zimachitika kwa okalamba makamaka?

Chitetezo cha m'thupi nachonso chimakalamba, koma chimakalamba modabwitsa: chimafooka polimbana ndi matenda atsopano, uku chikukhala chotekeseka nthawi zonse. Katswiri wa ku Italy, Claudio Franceschi, anafotokoza zimenezi mu 2000. Mwa okalamba, IL-6 ndi CRP, puloteni yosonyeza kuti m'thupi muli kutupa, zimakhala zokwererako m'magazi ngakhale asakudwala.

Gwero lina lili m'mafupa. Asilikali onse amabadwira m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Ndi zaka, ena mwa maselo obereka asilikaliwa amasintha m'majini, amene ndi malangizo achibadwa okhala m'selo, monga TET2 ndi DNMT3A, nkuyamba kuchulukana kuposa anzawo. Izi zimapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 10 aliwonse opitirira zaka 70. Si khansa, koma anthu oterewa amadwala mtima ndi sitiroko kuposa anzawo, ndipo ma monocyte okhala ndi vuto la TET2 amatulutsa mankhwala otupitsa ambiri.

BP ndi chitetezo cha m'thupi si nkhani ziwiri zosiyana?

Kwa nthawi yaitali madokotala ankaziona choncho. Mu 2007 gulu la David Harrison ku America linaonetsa kuti mbewa za m'labotale zopanda ma lymphocyte sizikwera BP kwambiri ngakhale zitapatsidwa mankhwala okweza BP, ndipo zikabwezeredwa ma T lymphocyte, BP imakwera. Mu 2016 gulu la Costantino Iadecola ku New York linapeza kuti mwa mbewa za BP, alonda okhala mozungulira timitsempha ta mu ubongo ndi amene amatulutsa mankhwala olepheretsa timitsemphati kutambasuka, ndipo atawachotsa, magazi anayendanso bwino ndi nzeru za mbewazo zinabwerera.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mchere. Mu 2018 gulu lomwelo linadyetsa mbewa chakudya cha mchere wambiri. M'matumbo mwa mbewazo munachuluka gulu lina la CD4 lotulutsa mankhwala otupitsa otchedwa IL-17, IL-17 inayenda m'magazi mpaka ku timitsempha ta mu ubongo, nitric oxide inachepa, magazi opita ku ubongo anachepa, ndipo mbewa zinayamba kulephera zinthu zimene zinkatha, monga kumanga chisa. Izi zinachitika BP ya mbewazo osakwera nkomwe. Zitabwezeredwa pa chakudya wamba zinachira.

Ndikaona pachiwaya mnyamata akuwaza mchere pa tchipisi kawiri, kapena kunyumba bambo akuitanitsa kambale ka mchere asanalawe nkomwe ndiwo, nkhani ya mbewayi imandibwerera. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wobisika mu buledi, m'timabuloko tokometsera ndiwo ndi mu soda wogula amene timathira m'therere.

Zonsezi ndi za mbewa. Kwa anthu kuli umboni wanji?

Funso labwino, ndipo tisamanamizane: zambiri za mmene zimachitikira zinaoneka mwa mbewa, chifukwa ubongo wa munthu wamoyo sungautsegule kuti uone kamtsempha. Ku yunivesite ya Cornell mu 2019 anaona ndi maso, pa makina apadera, ma neutrophil atatseka timitsempha pafupifupi 2 pa 100 mwa mbewa za matenda onga Alzheimer, ndipo atawamasula magazi anayamba kuyenda bwino m'mphindi zochepa. Chaka chomwecho ku Stanford anaonetsa kuti madzi a m'magazi a mbewa zokalamba amawononga ubongo wa mbewa zazing'ono kudzera pa VCAM-1 uja.

Kwa anthu, umboni ndi wa mtundu wina. Ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, anatsata okalamba odwala matendawa kwa zaka zambiri ndi MRI, ndipo amene mawanga awo ankakula msanga anali ndi ma monocyte otekeseka msanga, otulutsa mankhwala otupitsa ambiri akaputidwa. Kujambula kwapadera kumaonetsanso kuti mwa odwala matendawa kakhungu kotchinga kaja kamadontha kuposa mwa anzawo. Zikugwirizana ndi za mbewa, koma kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri si umboni wokwanira woti china ndicho chinayambitsa chinzake. Nchifukwa chake mayeso a mankhwala ali ofunika, ndipo tiwakamba m'munsimu.

Ndili pa ma ARV. Kodi izi zikundikhudza?

Inde, ndipo ku Malawi nkhaniyi ndi yathu kuposa ya anthu a ku Ulaya. HIV imachititsa kuti ma monocyte azikhala odzuka nthawi zonse, ndipo makoma a mitsempha amakalamba msanga. Kafukufuku amene Laura Benjamin ndi anzake anachita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti BP ndi HIV ndizo zinali patsogolo mwa zoyambitsa sitiroko, ndipo mwa achinyamata HIV ndiyo inali yaikulu. Chiopsezo chinali chokwera kwambiri m'miyezi 6 yoyamba munthu atangoyamba mankhwala, makamaka amene anayamba chitetezo chitatsika kale.

Phunziro lake si loti ma ARV ndi oopsa ayi. Ndi loti kuyamba mochedwa ndi kudumphadumpha ndiko koopsa. Kachilombo kakaponderezedwa, kutupa kuja kumatsika. Anthu ambiri amene anayamba ma ARV dziko litayamba kuwagawa mwaulere mu 2004 tsopano ali ndi zaka 50, 60. Mukapita kukatenga mankhwala, pemphani akuyezeni BP tsiku lomwelo.

Nanga malungo a mu ubongo ndi matenda omwewa?

Ayi, ndi ena, ndipo amagwira ana makamaka, m'masiku ochepa osati m'zaka. Koma malo ake ndi omwewo. Maselo ofiira okhala ndi tizilombo amamatira pa kakhungu ka timitsempha ta mu ubongo, ndipo mwa ana a ku Blantyre amene anamwalira nawo munapezeka asilikali a CD8 ataunjikana m'timitsempha timeneti. Makina a MRI amene anaikidwa ku Queen Elizabeth mu 2008 anathandiza kuonetsa, mu 2015, kuti ana ambiri amafa chifukwa ubongo umatupa nkupanikiza malo olamulira kupuma.

Ndiye ndikayezetse kuchuluka kwa asilikali anga?

Sizikuthandizani pa matendawa. Kuyeza magazi kwa masiku onse kumawerenga asilikali, amene mwa munthu wathanzi amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho kochepetsetsa ka mayikulolita imodzi, koma sikuuza mmene akuchitira pa makoma a timitsempha. Nambala imakwera ndi chimfine, chilonda kapena fodya. Anthu ambiri a mu Africa amakhalanso ndi ma neutrophil ochepa mwachibadwa popanda vuto lililonse. Zoyezetsa zothandiza ndi BP, shuga, HIV ndi impso.

Pamsika amagulitsa mankhwala okweza chitetezo. Ndiwagulire agogo?

Musatero. Vuto pano si kuchepa kwa asilikali, ndiye ngakhale mankhwalawo akanakhala kuti amachitadi zimene ogulitsa amanena, akanakhala akukoka mbali yolakwika. Ndalama ya botolo limodzi ndi yokwanira thiransipoti yopita kusikelo ya BP. Chimandiwawa ndi chakuti ena amasiya mapiritsi a kuchipatala chifukwa cha mabotolo amenewa.

Nanga mankhwala ochepetsa kutupa?

Ayesedwa, ndipo zotsatira zake nzosakanikirana. Mu 2017 mayeso otchedwa CANTOS, a anthu oposa 10,000 amene anadwalapo mtima, anaonetsa kuti jekeseni wotsekereza IL-1 amachepetsa kudwalanso kwa mtima ndi mitsempha ndi pafupifupi magawo 15 pa 100, koma anthu ofa ndi matenda opatsirana anachuluka. Kwa ife okhala pakati pa TB, malungo ndi chibayo, mtengo umenewo ndi waukulu. Colchicine, mankhwala akalekale a matenda otupitsa m'malo olumikizira mafupa otchedwa gout, anathandiza odwala mtima, koma m'mayeso akuluakulu a odwala sitiroko amene anatuluka mu 2024 phindu lake silinaoneke bwino. Ku Cambridge anayesa minocycline pa odwala timitsempha enieniwa, ndipo sanasinthe kutupa kapena kudontha kuja.

Pali mayeso ena a ku Britain, LACI-2, a anthu 363, amene mu 2023 anapereka chiyembekezo ndi mankhwala awiri othandiza kakhungu ka mitsempha, isosorbide mononitrate ndi cilostazol. Anali mayeso aang'ono, ndipo mankhwalawa sanalowe m'ndondomeko ya chithandizo cha matendawa.

Chonde musatenge nkhaniyi ngati chilolezo chomwa brufen, diclofenac, indocid kapena prednisolone tsiku ndi tsiku. Amenewa amakweza BP, amawononga impso ndi m'mimba, ndipo okalamba ambiri amawamwa kale chifukwa cha mawondo ndi msana popanda wowayang'anira.

Ndiye chothandiza chenicheni ndi chiyani?

Kutsitsa BP. Pa zonse zimene zayesedwa, ichi ndicho chili ndi umboni wolimba. M'mayeso a SPRINT ku America, a anthu oposa 9,000 a zaka 50 kupita m'mwamba, amene nambala ya pamwamba ya BP yawo inatsitsidwa kufika cha pa 120 anayamba kufooka nzeru mocheperako, ndi pafupifupi magawo 19 pa 100, poyerekeza ndi amene inasiyidwa cha pa 140, ndipo mawanga oyera aja anakula pang'onopang'ono. Kwa agogo ofooka amene amagwagwa, dokotala ndiye asankhe pofikira, chifukwa BP yotsika kwambiri imabweretsa chizungulire poimirira.

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. BP siimveka. Munthu amatha kulima mizere ya fodya tsiku lonse ali pa 180, osamva mutu ngakhale pang'ono, timitsempha tikuwonongeka. Mawu oti "ndimamwa ikakwera" ndi amene amatipweteka. Mapiritsi monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril amamwedwa tsiku lililonse, ngakhale mukumva bwino, ngakhale ndi nthawi yokolola, ngakhale muli kumaliro kumudzi wina. Kuyeza kumachitika pa chipatala cha boma ku Kasungu ndi m'zipatala zing'onozing'ono. Khalani pansi mphindi zisanu musanayezedwe, ndipo muonetsetse kuti nambala yalembedwa m'buku lanu.

Kenako fodya. Kuno timaulima, ndipo chingambwe sichigulidwa. Utsi wake umapweteka kakhungu ka mitsempha ndi kuchulukitsa asilikali otekeseka m'magazi. Shuga ayang'aniridwe, mowa uchepe, mchere uchepe, ndipo agogo asaletsedwe kuyenda. Kuwakhazika pamkeka tsiku lonse powamvera chisoni kumafooketsa miyendo msanga. Apatseni ndodo, chotsani miyala panjira ya kuchimbudzi, muziyenda nawo kupita kutchalitchi kapena kudimba.

Ndiwayambitse aspirin?

Osati panokha. Amene anadwalapo sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha amapatsidwa aspirin ndi dokotala, ndipo amathandiza. Koma timitsempha tomwe timatsekekati ndi tomwenso timaphulika. Mayeso a SPS3 mu 2012 anaonetsa kuti kumwa aspirin ndi clopidogrel pamodzi kwa nthawi yaitali, mwa odwala sitiroko za timitsempha, kunachulukitsa kutaya magazi popanda kuchepetsa sitiroko.

Ndi akumtundu?

Ambiri ayi, ngakhale BP imayenda m'mabanja. Pali mtundu wosowa wotchedwa CADASIL, wochokera ku jini ya NOTCH3 imene inapezeka ku Paris mu 1996, umene umayamba munthu ali ndi zaka za m'ma 30 kapena 40. Ngati m'banja mwanu angapo anafa ziwalo ali aang'ono, muuzeni dokotala.

Kumudzi akuti agogo ndi mfiti chifukwa anapezeka usiku pakhomo la eni. Tichite chiyani?

Atetezeni, ndipo musachite manyazi. Munthu amene ubongo wake wawonongeka amadzuka usiku kufuna chimbudzi nkusokera, amavula zovala pamalo osayenera, ndipo akafunsidwa mwaukali ndi gulu amavomera chilichonse. Kuvomerako ndi chizindikiro cha matenda. Okalamba amenyedwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha zimenezi. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Pitani nawo kuchipatala, matendawo alembedwe m'buku, kenako mukawafotokozere a mfumu ndi akuluakulu a mpingo zisanafike poipa. Usiku aikireni chidebe m'chipinda ndi tochi pafupi, ndipo wina azigona moyandikana nawo.

Ndi liti pamene tiyenera kuthamangira kuchipatala?

Pamene kusintha kwabwera mwadzidzidzi: pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka kapena wachita dzanzi, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera, diso lasiya kuona, kapena mutu wayamba kuwawa koopsa nthawi imodzi. Ngakhale zitatha zokha patapita mphindi 10, pitani tsiku lomwelo, chifukwa sitiroko yaikulu imakonda kutsatira m'masiku ochepa. Agogo amene asokonezeka mutu kwambiri m'tsiku limodzi kapena awiri nawonso afulumizidwe, poti kawirikawiri amakhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wotsika, zimene zimachizika.

Panjira musawamwetse madzi, phala kapena mankhwala, chifukwa sitiroko imasokoneza kumeza ndipo chakudya chimalowa m'mapapo. Agonekeni cham'mbali. Kumbukirani nthawi imene munawaona komaliza ali bwino, tengani buku la kuchipatala ndi mapiritsi onse amene amamwa, a zitsamba omwe. Ngati pakufunika kujambula mutu ndi makina a CT, achipatala cha boma ndi amene amakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.